Chimake cha Mpeni wa Che Saidi

Chaka chatha Esinati, mwana wanga wachiwiri, anabwera kudzationa n'kundipeza ndikuphika mang'ina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, koma osalawako ngakhale pang'ono. Anakanong'oneza mayi ake kuti abambo nzeru zayamba kuwathawa. Tsikulo sindinamuyankhe. Gawo lino la mbiri yanga ndilo yankho lake, ndipo ana anga nonse asanu muliwerenge, chifukwa muli nkhani imene ndinaisunga pansi pa bokosi langa lachitsulo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu.

Chaka choyamba, ku Senga Bay

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mapoto pa hotela ina ya ku Senga Bay. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndangochoka kwathu kuseri kwa Khombedza, ndili ndi malaya awiri ndi sukulu ya Sitandade 5 imene sindinaimalize. Mkulu wa khitchini anali a Mbewe, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankakhulupirira kuti poto amene sukudzionamo nkhope sanatsukidwe. Anandilemba ntchito atangoyang'ana manja anga. "Zikhadabo zako n'zazifupi, ubwere mawa," anatero, ndipo mayeso anga onse anathera pomwepo.

Alendo akamachoka ankasiya mabuku m'zipinda, ndipo amayi okonza m'zipindamo ankawabweretsa kukhitchini kuti tiziyatsira mbaula. Ine ndinkawapulumutsa. Ndinali ndi dikishonale yopanda chikuto, yoyambira pa chilembo C, moti mpaka lero mawu a Chingerezi oyamba ndi A ndi B ndimawadziwa mwa mphekesera chabe. Ndinkawerenga chilichonse chimene chapulumuka kumoto: za nkhondo za kutali, za kulima maluwa m'dziko lozizira, za kuweta akavalo. Kavalo ndinali ndisanamuonepo, koma mukanandifunsa za matenda ake ndikanakufotokozerani mpaka mutapempha madzi akumwa. N'chifukwa chake kukhitchini anandipatsa dzina loti Aphunzitsi, ndipo amene analiyambitsa anali Che Saidi.

Che Saidi anali wozinga nyama wa hotelayo. Kuno kunyanja mukudziwa mmene zilili: ngakhale pa ukwati wa Mkhristu, mbuzi amazinga ndi Msilamu kuti aliyense adye ndi mtima umodzi. Pa hotela lamulo linali lomwelo, poti theka la antchito ndi alendo ambiri anali Asilamu. Nkhumba yokha ndiyo inkabwera yokonzakonza kuchokera ku Lilongwe, ndipo inali ndi filiji yake, thabwa lake ndi mipeni yake yopakidwa penti wofiira pa zigwiriro. Che Saidi ankandiposa ndi zaka khumi ndi zinayi. Anali wamtali, wosafulumira, ndipo ankachokera ku Lifuwu pa njinga katatu pa sabata, mpeni wawo uli m'chiuno. Mpeniwo sunkadula anyezi, sunkadula chingwe, sunkabwerekedwa. Unali waukulu, wa zala zitatu m'lifupi. Chimake chake chinali cha chikopa cha ng'ombe chokhuthala, chofiirira, chokhala ndi timadontho totentha ndi msomali m'mbali, ndi khutu lolowetsamo lamba. Anasoka ndi bambo awo.

Tsiku loyamba kundiitana kuti ndiwagwirire mbuzi, ndinafika buku lili m'thumba la epuloni.

"Ikani pansi bukulo, Aphunzitsi. Mbuzi siwerenga, imangokankha."

Anaipatsa madzi, n'kumaisisita pakhosi, mpeni ukadali m'chimake. Ndinawafunsa kuti bwanji osautulutsiratu tifulumire, poti a Mbewe anali atayamba kale kukuwa m'katimo.

"A Mbewe akuwe, ndi ntchito yawo," anatero. "Nyama siyenera kuona mpeni nthawi isanakwane. Inu munthu atamakunolerani mpeni pamaso mungamve bwanji? Chimakechi si chokongoletsera m'chiuno. Ndi ulemu wa mbuziyi."

Kenako anati Bisimilahi, ndipo ndisanaphethire n'komwe zonse zinali zitatha. Kuyambira tsikulo wogwira mbuzi ndinali ine. Masana tinkadyera limodzi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini, aliyense mbale yake. Ndinkawafotokozera zimene ndawerenga, iwo n'kumamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa funso lomwelomwelo: "Ndiye pa zonsezi, Aphunzitsi, chimene chitithandize kuno n'chiti?"

Chaka chachisanu ndi chinayi, chimene mafuta anasowa

Pofika chaka chimenechi ndinali nditakwezedwa, ndikuyang'anira mafiliji ndi kudula nyama. Ndinali nditakwatira mayi anu, Davite ali kumsana. Mafuta ophikira anasowa. Galimoto inkapita ku Salima n'kubwerako ndi zigubu zopanda kanthu, ndipo manijala watsopano, amene sankasiyanitsa chiwaya ndi beseni, ankatiuza kuti tchipisi tizikazinga ndi nzeru. A Mbewe analamula kuti dontho lililonse la mafuta otsala m'chiwaya lizisungidwa. Pa shelefu panakhala zitini ziwiri. China chinali cha mafuta a ng'ombe, olimba ngati kandulo. China chinali cha chivindikiro chofiira, cha mafuta otsala pokazinga bekoni ya alendo, ofewa ngati batala. Aliyense ankachidziwa chitini chofiira. Ine ndinkachidziwa kuposa onse, chifukwa pentiyo ndinapaka ndine.

M'masiku omwewo Che Saidi anamva za maliro a mkulu wawo kutsidya, ku Makanjira. Anati mpeni wozingira sakwera nawo boti lodzaza anthu ndi katundu, ndipo anandipatsa ine. "Sungani inu. Musaupatse munthu, ngakhale a Mbewe atakulirirani." Pa anthu onse a pa hotelapo, ndi Asilamu anzawo omwe, anasankha ine. Ndinautsekera m'kabati yanga.

Tsiku lachitatu masana, ntchito itachepa, ndinautulutsa kuti ndiuone, ndipo ndinaona kuti chimake chayamba kuuma pakamwa, timing'alu tikuoneka. Buku la akavalo lija linali ndi masamba ambiri onena za kasamalidwe ka zikopa za zishalo zokhalira pa kavalo. Linkati chikopa chouma chimafuna mafuta a nyama, ofewa, opaka ndi chala. Zaka zisanu ndi zinayi munthuyu wakhala akundifunsa kuti mabuku anga atithandiza chiyani, tsopano adzaona. Ndinasolola mpeni n'kuukulunga m'nsalu yoyera. Ndinapita pa shelefu, ndinagwira mafuta a ng'ombe, ndinaona kuti ndi olimba, ndinatsegula chitini chinacho. Sindinganame kuti ndinasokoneza zitini. Maso anga anaona chofiira bwinobwino, koma maganizo anga anali kwa akavalo. Ndinapaka kunja, ndinapaka m'mphepete mwa msoko, ndinalowetsa chala m'kati mpaka pamene chinalekezera. Chikopa chinamwa, chinada bwino, chinawala. Ndinachiyang'ana monyadira, n'kutenga mpeni kuti ndiubwezere. Nsonga itatsala pang'ono kukhudza, fungo la bekoni linandiimitsa dzanja.

Mpeni sunalowe. Pa nkhani yonseyi, chimene ndinachita bwino ndi chokhachi.

Ine ndinkaganiza kuti chinthu cha Msilamu chikakhudzana ndi nkhumba ndiye kuti chatha, n'chotaya. Sindinafunse munthu, poti munthu wa mabuku safunsa. Ndinkadziwanso kuti chaka cham'mbuyo a Mbewe anachotsa ntchito wophika wina chifukwa chodula mbuzi ndi mpeni wofiira. Koma kunena zoona, ntchito sinali mantha anga aakulu. Chimene ndinkaopa chinali nkhope ya Che Saidi akamva kuti chimene anasoka bambo awo ndachidzoza nkhumba ndi chala changa. Ndinachikulunga m'nyuzipepala, ndinapita nacho kunyumba, n'kuchiika pansi pa bokosi.

Atabwerako ndinawapatsa mpeni uli m'nsalu.

"Chimake chili kuti?"

"Zaone," ndinatero. Dzinalo linangotuluka lokha. Zaone anali galu wa a Jere, mlonda wa pageti, galu wodziwika ndi kuba, amene tsiku lina anatenga nkhuku yowotcha patebulo la mlendo mlendoyo akuyang'ana. "Ndinachiika pazenera ndikupukuta mpeni. Potembenuka ndinaona Zaone akuthawa nacho."

Che Saidi sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Analowera kuti?"

Ndinaloza kumabango. Tinafunafuna masiku awiri, ndipo pa ofunafuna onse wakhama kwambiri ndinali ine. Ndinalowa m'matope mpaka m'chiuno, minga inandilasa, ndinafika poloza malo amene ndinati ndaona mapazi a galu. Ndinkadabwa kuti munthuyu akulimbikiranji kufuna chinthu chimene galu watafuna, koma kufunsa sindinafunse. Manijala analamula kuti galuyo achoke pa hotela. A Jere anakamusiya kumudzi kwawo, akudandaula kwa aliyense kuti, "Galu wanga amaba nyama, inde, koma zikopa sanabepo." Kwa zaka ziwiri Che Saidi akamadutsa pageti ankati, "Moni a Jere, wakuba wanu ali bwanji kumudzi?" ndipo anthu awiriwa sanasekerenso limodzi. Mpeni unayamba kuyenda wokulungidwa m'chinsalu cha tenti, chomanga ndi mphira. Pozinga ankaubisa kumbuyo, koma kumasula mphira kumatenga nthawi, ndipo nthawi zina mbuzi inkatembenuka n'kuona. Wogwira miyendo ndinali ine, ndiye ndinkamva mmene inkanjenjemerera.

Zaka za ku Lilongwe, ku Nkhotakota, ndi kubwerera

Patapita zaka zitatu eni hotela ananditumiza ku hotela yawo ina ku Lilongwe. Kumeneko bwana wanga anali mayi wina wosaseka, amene ankayeza chilichonse pa sikelo, ndi mchere womwe. Ndinamuda chaka choyamba, koma ndiye anandiphunzitsa kulemba ndandanda ya zakudya ndi kuphika nsomba osaipha kawiri. Kenako ndinapita ku loji ina ku Nkhotakota, kumene magetsi ankabwera ngati mlendo, ndipo filiji inali ya parafini, yofuna kuinyengerera m'mawa uliwonse. Kumeneko ndinaphunzira kuti mlendo wanjala amakhululuka chilichonse ukamuuza zoona nthawi yabwino. Phunziroli ndinkaligwiritsa ntchito pa alendo okha. Pomaliza ndinabwerera ku Senga Bay ngati mkulu wa khitchini pa loji yaing'ono, ndipo tsiku lina ndinadzimva ndikukuwa za poto wosaonetsa nkhope. Ndinali nditasanduka a Mbewe wa anthu ena.

M'nyumba zonsezi bokosi lachitsulo linkasamuka nane. Ubwenzi wathu ndi Che Saidi sunathe. Pa ukwati wa Davite mbuzi zonse anazinga ndi iwo, ndipo ndinaimirira pambali ndikuwaona akumasula mphira uja, zala zitayamba kuuma ndi ukalamba. Nyama ya tsikulo anthu anaiyamikira kwambiri. Ine ndinaisiya m'mbale, ndipo ndinanamizira kutopa.

Okutobala chaka chatha, ku Lifuwu

Ndinali nditapuma ntchito zaka zisanu pamene Yusufu, mwana wa Che Saidi, amene tsopano ndiye amazingira maloji, anaima pakhomo pathu ndi njinga yamoto.

"Bambo maso anatha," anatero. "Miyendo nayo ikukana. Akuti ndikufunseni ngati Aphunzitsi anaiwala njira ya ku Lifuwu, kapena msewuwo sunalembedwe m'buku."

Atachoka ndinatsegula bokosi. Nyuzipepala inali itasanduka ufa. Chimake chinali chouma ngati khungwa la mtengo, chopindika ngati nthochi, chotuwa ndi chuku, ulusi wa msoko utaduka m'malo ambiri. Nditachigogoda ndi chikhadabo chinalira ngati thabwa. Mayi anu analowa n'kuima pakhomo la chipinda.

"Ndiye mwachitulutsa lero?"

"Mumachidziwa?"

"Bokosi limeneli ndalinyamula m'nyumba zinayi, abambo a Davite. Ine ndinkati ndi mankhwala osungira ntchito, n'chifukwa chake sindinkafunsa."

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira chitini chofiira mpaka mabango. Anakhala pansi pa bedi. "Zaka zonsezi ndimayesa ndinakwatiwa ndi munthu wokhwima," anatero, "chikhalirecho ndi wabodza wamba." Ndinawauza maganizo anga oyamba, oti ndichidzoze mafuta chioneke bwino, ndipite nacho ndikanene kuti chapezeka. Anandiyang'ana ngati ndapempha kuphika tchipisi ndi nzeru. "Chapezeka kuti? Galu anachisunga zaka makumi atatu ndi zisanu, kenako wakutumizirani pa basi? Pitani mukanene. Akakuthamangitsani mubwera ndi manyazi, manyazi sapha. Mukapanda kupita, mkuluyo adzamwalira akutukwana galu."

Ana anga, pa ntchito ndinachotsapo anthu, ndinakanapo mabwana, ndinasiyapo malo abwino. Palibe chimene chinandilemera ngati ulendo wa tsikulo. A Mbewe anapita, a Jere anapita, anzanga a m'khitchini yoyamba ija anatha onse. Munthu wonditchula kuti Aphunzitsi anatsala mmodzi, ndipo ndinkapita kukamupatsa chifukwa chosiyira. Ndikanatha kupita chimanjamanja, kumwa tiyi, kuseka za akavalo, n'kudzaperekeza maliro ake ndili bwenzi labwino. Ndinaganiza zimenezi njira yonse, ndili kumbuyo kwa njinga yamoto, chimake chili m'jumbo pamiyendo panga.

Ndinawapeza pakhonde, pa mkeka, atayang'ana kuminda ya mpunga imene sankaionanso. Titapatsana moni ndinalephera poyambira, ndiye ndinangochiika m'manja mwawo. Zala zawo zinayenda pang'onopang'ono, zinapeza khutu, zinapeza timadontho ta msomali, zinaima.

"Ichi ndi cha bambo anga."

"Ndi chomwecho, Che Saidi. Zaone sanachitenge. Chinali kwa ine."

Ndinanena zonse, osasiyako buku, osasiyako mtundu wa chivindikiro. Nkhuku inadutsa pakati pathu n'kubwereranso.

"Iwe Yona," anatero. Zaka makumi anayi ndi mphambu anali asananditchulepo dzina langa, kapena kunditchula kuti iwe. "Mpeni unalowamo?"

"Ayi. Sunakhudze."

"Ndiye unandinamiziranji?"

"Ndinkati chatha. Ndinkati n'chotaya."

"Yusufu! Tabwera udzamve nzeru za m'mabuku." Yusufu anatuluka n'kuima pambali, maso ali pansi. "Najisi ya nkhumba, chidetso chakecho, imatsukidwa, iwe. Kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Ya galu chimodzimodzi. Unkayesa ndinkafunafuna chiyani m'mabango masiku awiri? Ukanandiuza m'mawa, pofika swala, pemphero la masana, chikanakhala chili pamthunzi chikuuma. Ndikanakutukwana sabata imodzi, basi. Ntchito ya ndowa imodzi ya madzi, iwe waisandutsa zaka makumi atatu ndi zisanu. Mbuzi zingati zaona mpeni wanga chifukwa cha iwe?"

Anauza Yusufu kuti abweretse ndowa ya madzi, chikho, ndi dothi la kumunda. Apa Aphunzitsi anayesa kudzuka mwa ine.

"Che Saidi, chikopa chouma chotere chikanyowa kwambiri chikhoza kusweka. Buku limanena kuti..."

"Likatchulidwanso buku pakhomo pano, ukwera njinga. Chikasweka, chisweke chili choyera. Tsuka."

Ndinagwada pabwalo. Ndinayamba ndi dothi, lakuda lonanda la m'munda wa mpunga, losungunula m'madzi. Ndinalimata kunja konse, m'kati ndinalilowetsa ndi kamtengo kokulunga nsalu, n'kupala mafuta akale amene anali ataundana ngati utomoni. Kenako madzi. Ine ndinkathira, iwo ankawerenga ndi khutu, akamva madzi akugwa pansi. Kachiwiri. Kachitatu. Madzi ankatsika akuda, kenako ofiirira. Chikopa chinayamba kulemera ndi kuterera m'manja. Pa kachisanu khutu la lamba linathyoka n'kutsalira m'zala zanga.

"Chathyoka n'chiyani?"

"Khutu."

"Pitiriza. Kachisanu ndi chimodzi."

Titamaliza sanandiuze kuti andikhululukira, ndipo tiyi sanabwere. "Pita nacho," anatero. "Ukachikonze ndi mabuku akowo, tione ngati ali ndi ntchito. Mafuta utenge a ng'ombe yozinga Yusufu, osati a pa shelefu. Chikadzalandira mpeni, tidzalankhula."

Sabata zitatu zotsatira

Ndilemba mmene ndinachitira, mwina wina wa inu adzakhala ndi chikopa chakale. Chikopa chonyowa sachianika padzuwa, chimauma msanga n'kung'aluka. Ndinachikulunga m'nsalu yachinyezi n'kuchiika pansi pa bedi. Ndinasema kathabwa ka nsungwi kofanana ndi mpeni uja monga ndinkaukumbukirira, zala zitatu m'lifupi, kuti chiziuma chili chowongoka. Kathabwako kanakana kulowa. Ndinakapala, kanakananso. Ndinakapalanso kachiwiri, ndipo kamene kanalowa popanda kukakamiza kanali ka zala ziwiri zokha. Chikopa chinali chitafota. Kukankha sindinayerekeze, chifukwa msoko ukanang'ambika. Ndinadziwa kuti ndikukonza nyumba imene mwini wake sadzakwanamo, koma pobwerera panalibe.

M'mawa mwake Yusufu anabweretsa mang'ina anayi. Mafuta abwino a chikopa amachokera m'mapazi a ng'ombe, chifukwa saundana ngati a pamimba. Izi ndinaziwerenga m'buku lomwe lija, pa tsamba lotsatira limene ndikanaliwerenga kale ndikanapanda kuthamangira ku shelefu. Ndinawaphika tsiku lonse popanda mchere, ndikuyengula mafuta oyandama ndi supuni, n'kuwasefa pa nsalu. Ndi tsiku limene Esinati anandipeza. Nditawasiya kuti azizire, ena anaundana pansi, ena anakhala amadzi pamwamba, achikasu. Amenewo ndiwo ndinatenga, ndipo sanadzaze n'komwe theka la kapu. Mang'inawo anadya ndi mayi anu ndi Esinati, akundiseka.

Ndinayamba kupaka chikopa chikadali ndi chinyezi pang'ono, dontho pa chala, mozungulira, osachipinda. Tsiku loyamba chinamwa ngati mchenga. Ndinkapaka kamodzi n'kudikira masiku awiri, ndipo kudikirako ndiko kunali ntchito yaikulu, poti dzanja linkafuna kuwonjezera. Mafuta akachuluka chikopa chimalobodoka ngati sokosi, ndipo chimake cholobodoka mpeni umachiboola n'kukulasa m'chiuno. Nditapaka kachisanu chinasiya kulira ngati thabwa, timadontho ta msomali tinaonekanso, ndipo ndinaleka. Posoka ndinagwiritsa ntchito ulusi wa ukonde wopaka phula la njuchi, ndikutsata mabowo a bambo awo. Atatu anali atang'ambika, ndiye ndinaboola anga pambali ndi msomali wonola, ndipo aliyense angathe kusiyanitsa a mmisiri ndi a wotsuka mapoto. Khutu ndinalibwezera lomwelo, lofupikirapo. Ndinaganizapo zodula lamba wanga wakale kuti ndipange latsopano, koma ndinakumbukira kuti nyama ya lambayo sindikuidziwa. Pomaliza ndinasungunula phula ndi timafuta totsala, ndinapaka, n'kupukuta ndi nsalu. Mng'alu umodzi pakamwa unakana kutseka, ndipo ulipo mpaka lero.

Tsiku lobwerera ku Lifuwu ndinali nditakonza kale mawu opepesera kuti chachepa. Che Saidi anachilandira osandipatsa moni wautali. Anachiyendetsa zala, anaima pa mabowo atatu aja n'kupukusa mutu. Kenako anachiika pamphuno nthawi yaitali, kunja ndi m'kati.

"Ng'ombe," anatero. "Yusufu, bweretsa mpeni."

Yusufu anamasula mphira, n'kufunyulula chinsalu cha tenti. Ndinali ndisanauone mpeniwo pafupi kwa zaka zambiri. Mwala wonolera unali utaudya mpaka unatsala wowonda ngati tsamba la bango. Che Saidi anapeza pakamwa pa chimake ndi chala chachikulu, analowetsa nsonga, n'kukankha pang'onopang'ono. Unalowa mpaka pachigwiriro. Anachizondotsa, anachigwedeza katatu. Sunagwe.

"Chikanakhala cha msinkhu wake wakale, mpeniwu ukanagwa," anatero, n'kupatsa Yusufu. "Mawa mbuzi isaone mpeni." Kenako anatembenukira kumene kunali mpweya wanga. "Mwaimiriranji ngati mlonda, Aphunzitsi? Khalani pansi, tiyi akubwera. Buku lanu lathandiza kamodzi, musadzitame nalo."

Ndinakhala pa mkeka.

"Za ine zatha," anapitiriza tiyi atafika. "Koma galu uja ndinamutukwana zaka ziwiri wopanda mlandu, ndipo a Jere anapita osamva zoona. Amenewo sindingakukhululukireni m'malo mwawo. Mukaonana nawo nokha."

Kumene kuli a Jere sindinafikeko, ndipo sindikufulumira. Chimene ndingathe ndi kulemba, poti pepala limakhala kuposa mwini wake. Ndiye ana anga, ndi aliyense wodzawerenga izi, dziwani kuti Zaone, galu wa a Jere a pageti, anabadi nkhuku yowotcha patebulo la mlendo. Chimake cha mpeni wa Che Saidi sanabe.